Katchalitchi ka anthu 40 ndi mlendo amene akufuna kumusungitsa thumba

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wamkazi amene anatumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kumwera kwa Nkhotakota, chakufupi ndi Chia. Wapempha kuti dzina ndisatchule, ndiye ndizingoti Aphunzitsi. Anakulira ku Lilongwe mu mpingo waukulu wa CCAP, wa mapemphero atatu pa Lamulungu, oyamba a Chingerezi. Kumene ali tsopano kuli nyumba ya mapemphero ya anthu osapitirira 40, ana tikawachotsa. Walemba kuti:

"Onse ndi pachibale. Mkulu wa mpingo, mlembi ndi wotsogolera kwaya ndi a banja limodzi. Ndikajomba Lamulungu limodzi, Lolemba amayi afika kale pakhomo kudzafunsa ngati ndikudwala. Mphunzitsi mnzanga wamwamuna atanditenga panjinga yamoto kuchokera ku boma, nkhani inafika kwa akulu a mpingo ndisanavule n'komwe nsapato. Pano akuti ndikhale msungichuma. Kodi ndilakwa ndikamangokwera minibasi kukapemphera ku boma, kapena kumamvera ulaliki pafoni? Chiyanjano chimene amanenachi n'chimenechi, kapena n'kulondalonda chabe?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Kulakwa simulakwa, Mulungu sakhala pa Chia pokha. Koma poti mwafunsa maganizo anga, ine ndikuti khalani pomwepo, ndipo thumbalo mulilandire, kungoti osati m'mene akufunira kukupatsirani.

Ndiyambe ndi chibalecho, chifukwa chili ndi pochokera. Mizu ya Sinodi ya Nkhoma ili kumtunda: amishoni a Dutch Reformed anayambira pa Mvera mu 1889, n'kudzakhazika Nkhoma mu 1896. Kunyanja kuno nkhani inayenda mwina. Chisilamu chinafika ndi a Jumbe, amalonda a Chiswahili, cha m'ma 1840, a Anglican n'kutsegula mishoni yawo pa Nkhotakota mu 1894, ndipo bishopu wawo Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, manda ake ali pa tchalitchi cha All Saints pomwepo. N'chifukwa chake m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja mupeza mzikiti ndi tchalitchi cha Anglican zili zodzaza, ka CCAP kali kakang'ono chapambali. Tinyumba ta mapemphero totere kawirikawiri timayamba ndi banja limodzi. Mwina ndi munthu wa ku Ntchisi kapena ku Dowa amene anatsika kudzalima mpunga, kudzagula usipa, kapena kudzakwatira. Watopa kuyenda mtunda wautali Lamulungu lililonse, wayamba kusonkhanitsa ana ake ndi akamwini pansi pa mango. Kenako apempha malo kwa amfumu, aumba njerwa, awotcha, afolera ndi udzu, patapita zaka n'kumagula malata limodzilimodzi. Amene mukuwaona atakhala kutsogolowo ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anaponda dothi la njerwazo. Sindikuti n'zabwino kuti maudindo onse akhale m'nyumba imodzi. Si zabwino. Koma sanachite kulanda, kwa zaka zambiri panalibe wina woti awatenge.

Onjezani apo kuti abusa ndi mmodzi, nyumba za mapemphero n'zambiri. Amafika pa Mgonero, pa ubatizo, pa ukwati, mwinanso pa maliro njinga ikakhala bwino. Masabata ena onsewo mpingo umayenda ndi anthu omwewo: wolalikira, woyambitsa nyimbo, wosesa, womenya chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo kuti anthu adziwe kuti nthawi yakwana. Ndipo mwa 40 aja, abambo ena achezera panyanja ndi nyali kupha usipa, Lamulungu m'mawa ali mtulo, ndiye katundu wambiri amasenza ndi amayi. Ku Lilongwe mukajomba, pabenchi panu pakhala wina. Pa Chia mukajomba, kwaya yasowa mawu achiwiri, ana a Sande sukulu angokhala. Amayi obwera Lolemba aja sanabwere ndi kaundula. Munthu wokhala yekha m'nyumba ya sukulu, wopanda mbale pafupi, akapanda kuoneka, chobwera m'mutu mwa anthu ndi malungo, ndipo malungo a kunyanja si ocheza nawo. Kuwayankha n'kosavuta: "Ndinapita ku boma amayi, zikomo pondikumbukira." Mukawauziratu Loweruka, Lolemba sabwera.

Chimene chikukutopetsanicho mipingo ikuluikulu imachita kuchifunafuna. Akatolika anaona kalekale kuti parishi ya anthu masauzande imabisa munthu. Mu 1973 maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana zoti moyo wa mpingo uzikhazikika pa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu oyandikana nyumba, ndipo mu dayosizi ya Lilongwe, momwe muli Salima ndi Nkhotakota, Bishopu Patrick Kalilombe anaigwira mwamphamvu ntchito imeneyi. Ndiyo miphakati mumaimvayi. Ife a CCAP tili ndi milaga pa chifukwa chomwecho. Kwanu ku Lilongwe mlaga unalipo, kungoti munali ndi mpata wouzemba. Kuno mlaga ndi mpingo n'chinthu chimodzi, pozembera palibe.

Mukufunsa ngati chiyanjano n'chimenechi. Simudzachiona bwino Lamulungu. Mutha kutha zaka mukufika molawirira, kuimba bwino, kupereka chakhumi mwezi ndi mwezi, anthu n'kumakutchulanibe kuti "madamu a kusukulu aja". Polowera pake ndi pa maliro.

Kukagwa zovuta m'mudzi musadikire wina kudzakuitanani, ku maliro saitana. Mukaweruka valani chitenje ndi duku, musenze mtolo wa nkhuni kapena ndowa ya madzi, ndi kambale ka ufa ngati muli nawo, mupite. Abambo amakhala panja mozungulira moto, amayi m'siwa ndi pakhonde. Lowani mwakachetechete, mukhale pamphasa mutatambalala ngati anzanu, mupepese oferedwa motsitsa mawu. Palibe chanzeru chimene mukuyenera kunena. Amayi a Chigwirizano adzayambitsa nyimbo, ina ikatha ina, pakatipakati wina n'kuwerenga Mawu powalitsa ndi foni. Cha m'ma 2 koloko usiku, makamaka ikakhala nyengo ya mwera, ambiri amakhala atafunda zitenje n'kumawodzera chotsamira khoma, oimba n'kutsala anayi kapena asanu, mawu atasasa. Mukakhala mmodzi wa iwowo, kukamacha mudzi wonse wadziwa.

M'mawa pitani kumafuwa. Apa ndi pamene mwana wa ku Lilongwe amayesedwa, chifukwa nsima ya kuno ndi kondowole. Sachita kuphika phala n'kumathira ufa pang'onopang'ono monga wa chimanga. Madzi akawira amathira ufa wa chinangwa, n'kuphula mphika, kuupana ndi mapazi pansi, n'kuyamba kukoka mthiko ndi manja onse awiri, nsimayo ikukana, ikumata. Mphika wa pamaliro ndi waukulu, amachita kulandizana. Ulendo woyamba mthiko udzakukanikani, amayi adzaseka chobisa pakamwa ndi chitenje poti ndi pamaliro. Asiyeni aseke. Wina adzakulandani mthikowo n'kukupatsani chigwada kuti musinje, kapena chipande kuti mupakule nsima ya adzukulu. Kuyambira tsiku limenelo mudzamva akukutchulani dzina.

Ndipo musasankhe maliro. Kunoko banja limodzi limatha kukhala ndi Msilamu, wa Anglican ndi wa CCAP, bere limodzi. Kukamwalira Msilamu thupi silichedwa, amaika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo amayi safika kumanda, koma pakhomo akhristu amadzaza, monganso iwo amabwera kwathu. Ana amene mukuwaphunzitsa ndi a nyumba zonsezi. Chiyanjano cha katchalitchi kanu chalukana ndi mudzi wonse, ndipo munthu wopemphera ku boma n'kumangogona kuno amakhala kunja kwa zonse ziwiri.

Pambuyo pa maliro pali matenda. Wa mpingo akagonekedwa kuchipatala, amayi amasonkha kaufa, kashuga, sopo, n'kutuma awiri kukazonda. Wodwalira kunyumba amamuyendera pakati pa sabata, nyimbo ziwiri, pemphero, wina n'kutunga madzi, wina kusesa pabwalo. Si zinthu zazikulu. Koma ndinene mosapsatira, tsiku limene inu mudzadwale usiku, abusa a pafoni sadzabwera ndi njinga kudzakutengerani kuchipatala, ndipo a ku boma adzamva patapita masiku.

Tibwere pa thumba. Mwina mukudabwa kuti anthu okayikira za njinga yamoto ndi omwewonso akufuna kukusungitsani ndalama. Palibe chosemphana. Akusankhani chifukwa ndinu mlendo. Msungichuma akakhala mphwake wa mkulu wa mpingo, ndalama ikasowa palibe angafunse popanda kubutsa nkhondo ya pabanja, ndipo mlamu wake akabwera kudzabwereka ya fetereza sangamukanize. Mwina zinachitikapo kale. Inu mulibe malume kumeneko, masamu mumawadziwa, ndiponso mumalandira pamwezi, ndiye akuganiza kuti simungasirire K2,000 ya chopereka. Paja akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nkhani yonga imeneyi ili pa Machitidwe 6. Akazi amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankadumphidwa pogawa chakudya, anthu n'kuyamba kung'ung'udza. Atumwi sanauze odandaulawo kuti azingopemphera. Anati pasankhidwe anthu 7 oyang'anira ntchitoyo, ndipo mukawerenga mayina awo onse ndi a Chigriki, womaliza ndi Nikolao wa ku Antiokeya, munthu wochita kulowa Chiyuda. Mpingo woyamba uja, umene timautama pa nkhani ya kudyera pamodzi, unakangana pa chakudya chomwecho.

Koma musalandire m'mene amaperekera, jumbo ya ndalama ndi kope long'ambika. Chopereka chiziwerengedwa m'tchalitchi momwemo anthu asanabalalike, pabenchi, ndi anthu atatu: inu, mtumiki mmodzi, ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano wosakhala wa banja lija. Mudzaona zotuluka m'mbale: ma K50 ndi ma K100 opindapinda, ofewa ndi thukuta, onunkha usipa, ena omata ndi selotepi, K1,000 imodzi yomwe aliyense akudziwa mwini wake. Pa masika mudzalandira mpunga wa m'zitini, chinangwa, nkhuku yomanga miyendo, mazira atatu okulunga m'pepala, ndipo zimenezi zimagulitsidwa pabwalo mapemphero akatha. Zonse zilembedwe ndi bolopeni m'buku lachikuto cholimba, atatu nonse musayine. Ndalama isagone kunyumba kwanu. Ngati mpingo waukulu umene nyumba ya mapempheroyi ili pansi pake uli ndi akaunti, kaperekeni kumeneko mulandire risiti. Ngati mukusungira pa Airtel Money kapena Mpamba, ikhale nambala yapadera, osati yomwe mumagulira mayunitsi anu. Ndipo kamodzi pamwezi imirirani kutsogolo muwerenge mokweza kuti talandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti. Paulo yemwe sanafune kunyamula yekha chopereka cha ku Yerusalemu. Pa 2 Akorinto 8 akutchula mbale wosankhidwa ndi mipingo kuti ayende nawo, kuopa kuti wina angawanene.

Chiyeso chenicheni chidzafika mu Januwale ndi Febuluwale. Mpunga ukadali m'madzi, ndalama ya chaka chatha yatha, ana akufuna ya sukulu. Kudzabwera munthu kukada, wolemekezeka ndithu, mwina mkulu wa mpingo amene, n'kuti: "Madamu, tibwerekeko ya mpingo, tikakolola tibweza." Vuto lakelo lidzakhala loona, osati lopeka. Ndi pamene anthu atatu aja amakupulumutsani: "Bambo, ndalamayi siili ndi ine ndekha, tiyeni tikafunse anzanga." Ambiri akamva choncho amabwerera. Koma musalekere pokana. Mpingo umene ukusunga ndalama ya simenti anthu ake akugona ndi njala nawonso walakwa. Pemphani kuti pakhale thumba lachifundo lapadera, la odwala ndi amasiye, lodziwika kwa onse ndipo losabweza. Ofuna ngongole ya bizinesi alowe banki m'khonde, imene amayi a kumeneko akuidziwa kale kuposa inu ndi ine.

Za m'thumba mwanu, ikani malire mwezi usanayambe. Wolandira pamwezi kumudzi amaoneka ngati Reserve Bank, ndipo mapepala onse adzakupezani: la kwaya, la malata, la Pepala Sande, la kulandira abusa. Ndi bwino kupereka pang'ono kosadukiza kusiyana n'kudzionetsa mwezi woyamba kenako n'kumabisala. Udindonso mutenge umodzi. Akaona kuti mumatha, adzafuna mukhalenso mlembi, mphunzitsi wa kalasi ndi wapampando wa zomangamanga. Kanani mwaulemu, m'malo mwake muphunzitse mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa pomwepo kulemba bukulo, poti mphunzitsi amasamutsidwa osatsanzika.

Za njinga yamoto zija sindiziikira kumbuyo. Imeneyo ndi miseche, ndipo miseche ndi nthenda ya mipingo ing'onoing'ono kuyambira kale. Akulu amene anailandira nkhaniyo anayenera kumubweza wowauzayo kuti akayambe waonana nanu, monga Mateyu 18 anenera, osati iwo kuyamba kufufuza. Ndipo tivomereze kuti mkazi wosakwatiwa amaonedwa ndi diso lina. Mphunzitsi mnzanu uja ndikukhulupirira palibe anamufunsa. N'chimodzimodzi ndi kudula anthu mu mpingo. Mtsikana akatenga pakati amadulidwa mpingo wonse ukuona, mnyamata ali kunyanja kapena wathawira ku Dwangwa kukadula nzimbe, ndipo akakhala mwana wa banja lija nkhani imathera m'nyumba. Apa ndi pamene chibale chimawononga mpingo, ndipo ine sindikuona njira ina yochichepetsera koma kuti anthu onga inu, osakhala a banjalo, akhale nawo m'kati n'kumayankhula. Onse akamathawira ku boma, banjalo lidzatsala lokha ndi makiyi.

Simungazithetse chaka chimodzi. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kukhala ndi mayi mmodzi wachikulire amene mumamuuza zinthu nokha asanazimve kwina. Osati wolongolola uja, koma amene akayankhula pa Chigwirizano ena amakhala chete. Mupite kwawo madzulo ena popanda chifukwa, mukhale pakhonde, muthandize kusenda chinangwa choti akaviike. Tsiku lina nkhani yanu ikadzabuka pamjigo, iyeyo adzati, "Ameneyo ndi mwana wanga, kumene anapita ndikukudziwa," ndipo idzathera pomwepo.

Nthawi yochoka ilipo. Mukaona kuti guwa lasanduka pokalipira anthu mowatchula, kapena mwawerenga lipoti la ndalama akulu n'kukuletsani kuti musadzabwerezenso, zitengereni kwa abusa ndi bwalo la mpingo waukulu, zikakanika chokani. Mwana akachitidwa zoipa ndi munthu wamkulu mpingo n'kufuna kubisa, imeneyo ndi ya apolisi, ndipo monga mphunzitsi mukudziwa kale. Koma m'kalata yanu sindinaonemo zotere. Ndaonamo kutopa ndi kupukwa kwanu.

Ku boma muzipita ndithu. Kumapeto kwa mwezi pokatenga malipiro gonani komweko, mupemphere kumeneko, mumve kwaya ya zida, mudye chambo. Ulaliki wa pafoni muzimvera pochapa. Pobwerera muwatengereko ana a Sande sukulu nyimbo yatsopano.

Chimodzi simunanene: kalata yanu yosamukira ili kuti? Ndikuganiza kuti ikadali ku Lilongwe. Popanda imeneyo dzina lanu lili m'kaundula wa kumeneko, ndipo mwadongosolo simuyenera kupatsidwa udindo kuno, ngakhale akulu a pamalopo angafune kudumpha zimenezo poti asowa munthu. Holide ikubwerayi kaitengeni kwa mlembi wa mpingo wanu wakale, mudzaipereke kwa abusa kudzera mwa mkulu wa mpingo. Pakadali pano awuzeni akuluwo kuti thumba mulandira kalata ikafika, ndipo muwatchuliretu za anthu atatu owerenga ndalama ndi za lipoti la pamwezi. M'mene adzayankhire pa mfundo ziwirizi mudzadziwa ngati akufuna msungichuma kapena munthu womukankhira mlandu wa ndalama zimene zinasowa kale. Akavomera, musanagwire kanthu muwerengere limodzi zimene zilipo, mulembe tsiku, ndipo msungichuma wakale asayine.